Ndani Ankasintha Mfuti za Ndege ya Orton?

Nkhani iyi anandiuza ndi a Hawkins Namalomba, telala wa ku Bangwe, tsiku lomwe ndinawapititsira jekete yanga kuti aike chigamba pachigongono. Ine miyendo yanga sigwirizana ndi mpando. Ndagona m'madepoti a basi kuposa m'nyumba yanga, ndipo chuma chomwe ndabwera nacho m'maulendo onsewo ndi nkhani za eni ake basi. Koma tsiku limenelo ndinakhala pansi, poti jekete inali pamakina. A Hawkins anali nkhoswe ya banja lomwe ndikunenali. Zina anaziona ndi maso, zotsalazo anawauza ndi mwamunayo mtima utatsika.

1

M'chaka cha 1998, Orton Chirambo anali kalaliki pa kampani ina ya matayala ku Makata. Anali mnyamata wa ku Rumphi, wosamwa, wosasuta, wa malaya osita mpaka kolala kuima yokha. Mkazi wake, Idah, anali wa ku Mulanje, ndipo ankakhala ku Chilomoni ndi kamwana kawo ka kumsana, Luntha.

Bwana wawo wachizungu pobwerera kwawo anamusiyira Orton kompyuta yakale ya mu ofesi. M'katimo munali gemu ya ndege zankhondo, zija za nkhondo yachiwiri, pamodzi ndi kandodo koyendetsera. Orton anaibweretsa kunyumba n'kuiika kuchipinda chogona, pafupi ndi bedi, chifukwa masiku amenewo akuba nawo anali atamva kukoma kwa ufulu. Akachoka ankaifunditsa chitenje.

Tsopano mvetsetsani apa, chifukwa mlandu wonse wagona pomwepa. Ndege zimenezo mfuti zake zili m'mapiko, zina kumanja, zina kumanzere. Zikanaloza molunjika, zipolopolo bwenzi zikudutsa m'mbali mwa mdani ngati njanji ziwiri, iye ali bwinobwino pakati. Ndiye mfutizo amazipendeketsa pang'ono kuti zipolopolo zikakumane pamalo amodzi kutsogolo. Wosewera amasankha yekha mtunda wa pokumanirapo, amalemba nambala, ndipo makinawo amaisunga mpaka wina adzaisinthe. Mdani akakhala pa mtunda umenewo, amaphwanyika. Akakhala patali kwambiri kapena pafupi kwambiri, wangotaya zipolopolo.

Orton ankalemba mayadi 400. Mnzake wa kuntchito, Ramsey, wa ku sitolo ya katundu, ankalemba 150.

"Iwe umawombera uli ku Lunzu, mdani ali ku Limbe," Ramsey ankatero. "Sendera, achimwene, mpaka uone mtundu wa masokosi ake."

"Munthu wabanja sasendera pafupi ndi moto," Orton ankayankha. "Iwe mbeta ukafa akulira ndani? A landilodi?"

2

Mwezi wa Juni kunabwera alendo. Bambo ake a Orton, a Chipulikano Chirambo, anatsika basi ya ku Rumphi ndi sutikesi ndi ndodo. Anali opuma pantchito ya positi ofesi, mkulu wa mpingo wa mawu olemera. M'maso mwawo munali ng'ala, ndipo anabwera kudzadikira tsiku la opaleshoni kuchipatala chachikulu.

Idah anawalandira monga mwa mwambo wa kwa mwamuna wake. Kwawoko mkamwana, ndiye kuti mkazi wa mwana wako, sayang'ana apongozi kumaso, satchula dzina lawo, sawatsutsa. Idah anaziphunzira zonsezi mpaka kuposa eni ake. Tiyi ankagwadira patali, ngati akuopa kuti mkuluyo aphulika.

Loweruka lina masana Ramsey anabwera kudzacheza. Orton anatulutsa kompyuta n'kuiika pabalaza, ndipo mkangano wa masiku onse unayamba. Mkulu uja anali pampando wa pakona, Baibulo pamwendo ngakhale sankatha kuliwerenga.

"Chikulira choncho n'chiyani?" anafunsa.

"Ndi ndege, adada. Tikuyesa mfuti." Orton anatenga mapensulo awiri, nawapendeketsa mpaka nsonga zake zinakhudzana, n'kufotokoza zonse bwinobwino ngati mphunzitsi.

A Chirambo anamvetsera mpaka kumapeto. Kenako anati, "Ndinagulitsa ng'ombe kuti upite kusekondale. Ng'ombe zimene zija zikanaona izi, bwenzi zitabwerera zokha kukhola."

Ramsey anaseka mpaka ndege yake inagwera m'nyanja. Idah, yemwe ankadutsa ndi beseni, anabisa pakamwa ndi nsonga ya chitenje.

3

Patapita milungu ingapo, Orton anaweruka Lachiwiri, navula nsapato, navundukula makina ake. Anakwera m'mwamba, napeza mdani, naima pa mtunda wake wa nthawi zonse, nakanikiza. Zipolopolo zinapingasana pafupi ndi mphuno ya ndege yake n'kumwazikana. Mdaniyo anapitiriza ulendo ngati akupita kumsika.

Anayesanso. Chimodzimodzi. Atatsegula posankhira mfuti anapeza 150.

Anaganiza kuti Ramsey anaiwala kubweza, ngakhale Ramsey anali asanaponde pakhomopo kwa kanthawi. Anabweza pa 400. Lachinayi anapezanso 150.

Anakafunsa mkonzi wa makompyuta wina m'tauni ngati magetsi akazima nambala imatha kusintha yokha.

"Ikanakhala ikubwerera pa nambala yomwe inabadwa nayo," mkonziyo anati. "Koma iyo mukunenayo, bwana, ndi ya chala cha munthu."

Orton anakwera minibasi ya ku Chilomoni mawuwo akumutafuna. Chala cha munthu. M'Blantyre monse, munthu yemwe iye ankamudziwa kuti amalemba 150 anali mmodzi. Ndipo munthu ameneyo masana ankatumidwa ndi galimoto ya kampani kukasiya matayala, osadziwika kuti wadzera msewu uti. Ndipo makinawo anali kuchipinda. Pafupi ndi bedi.

Nsanje, abale anga, imafuna kamsomali kamodzi kokha, zina zonse imapachika yokha. Orton anakumbukira mmene Idah anasekera tsiku la ng'ombe lija. Anakumbukira kuti Ramsey amamutcha Idah "alamu" motalikitsa mawu. Anakumbukiranso kuti onse awiri ndi a kum'mwera, ndipo akayamba za kwawo amaseka zinthu zomwe iye sazimva.

M'mawa mwake analemba 380, nambala yopanda mwini, kuti atsimikize. Madzulo anapeza 150.

4

Anayamba ndi bambo ake, pakhonde.

"Adada, masana pakhomo pano pamabwera alendo?"

"Ndi maso awa ukufuna ndikhale mlonda?"

"Koma makutu muli nawo."

"Geti yako imalira ngati mbuzi. Sindinaimve ikulirira mwamuna aliyense." Kenako anawonjezera, "Kupatula masiku omwe ndimapita kukaonetsa maso. Amenewo sindingawalumbirire."

Orton anawerenga m'mutu masiku amenewo, ndipo anamukwanira.

Kenako anakamupeza Idah akupinda matewera pabedi.

"Amake Luntha, kuchipinda kuno kumalowa ndani ine ndikachoka?"

Idah anapinda thewera lina asanayankhe. "Kwasowa chiyani?"

"Sikunasowe kanthu. Kwawonjezeka."

"Ndiye muthokoze."

"Makina awa akugwiridwa ndi munthu. Munthu wodziwa mfuti. Ndikufuna dzina lake."

Apa Idah anamuyang'ana. "Bambo a Luntha, mukundifunsa, kapena dzinalo mwabwera nalo kale m'thumba?"

"Ramsey."

Idah sanalire, sanakuwe. Anayang'ana kukhomo, kumene kunkamveka ndodo ya apongozi ake ikugogoda simenti, n'kutsitsa mawu.

"Nenaninso."

"Ndati Ramsey. Ngati si iyeyo, nena ndani."

"Sindinena."

"Ndiye wavomera."

"Ndati sindinena. Sukulu munapita ndinu, siyanitsani mawu awiriwo."

5

Akanalekera pomwepo, bwenzi nkhani itathera m'nyumba. Koma tsiku lotsatira, nthawi ya nkhomaliro, Orton anamupeza Ramsey pachiwaya cha tchipisi kunja kwa geti ya kampani, pomwe amadyera madalaivala, amakaniko ndi atsikana a ku fakitale ya zovala.

"Achimwene, bwera udye," Ramsey anati. "Kapena udyera patali ngati mmene umawomberera?"

"Kuchipinda kwanga umakatani?"

Wokazinga tchipisi anasiya kutakasa.

"Kuchipinda kwako?"

"Wasiya chizindikiro. 150. Ukamaba, uziphunzira kubweza zinthu mmene unazipezera."

Ramsey anayang'ana anthu, nayang'ana Orton, foloko ili m'mwamba. "Iwe, ukunena za gemu kapena za alamu?"

"Zonse."

Ramsey anaika mbale pansi. "Orton, ine ndine wamwano, ndikudziwa. Koma mayi uja ndimamulemekeza kuposa mmene ukumulemekezera iwe panopa. Bwerera ku ofesi usanawonjezere."

Koma zinali zitawonjezeka kale. Mtsikana mmodzi wa ku fakitale ankakhala ku Chilomoni komweko, ndipo nkhaniyo inakwera minibasi yoyamba, Orton inamusiya pasiteji. Pofika kunyumba anapeza bambo ake okha pakhonde.

"Mkamwana wabereka mwana, wapita kwa malume ake ku Bangwe," anatero. "Wagwada apo, wanditsanzika bwinobwino. Wati ndiwo zili pa mbaula."

6

Mlandu unakhala Lamulungu masana, pabalaza ku Chilomoni. Mbali ya Idah kunali malume ake aja, a Hawkins. Mbali ya Orton kunali msuweni wake, a Bruce, wa ku ofesi za boma, yemwe anabwera ndi tayi. Makolo sakhala pa nkhani za ankhoswe, choncho a Chirambo anatulutsa mpando wawo pakhonde, pansi pa zenera. Idah anakhala pamkeka, mwana pamwendo. Anali atauza kale malume ake kuti ngati dzina lake silitsukidwa tsiku limenelo, katundu wake amutsatire ku Bangwe.

"Akamwini," a Hawkins anayamba, "ine pa milandu yotere ndinaonapo chipewa cha mwamuna pansi pa bedi. Ndinaonapo nsapato. Inu umboni wanu ndi chiyani?"

"Nambala."

"Ya galimoto?"

"Ya mfuti."

A Bruce anakonza tayi. Orton anatenga mapensulo ake aja n'kufotokoza za mapiko, za zipolopolo, za pokumanira. A Hawkins anamvetsera mutu utapendekeka ngati akuyeza thalauza.

"Ndiye mukuti mwamunayu amabwera, amazemba apongozi, amalowa kuchipinda kwa mwini wake, mtima uli m'mwamba. Kenako amati, 'Dikira kaye Idah, ndigwetse ndege ziwiri.'"

"Sindikudziwa chimene amayamba."

"Chabwino. Iwe Idah, makinawo amagwira ndani?"

"Malume, ine mwamuna wachilendo sindinalowetsepo m'nyumba muno. Zinazo sindinena."

"Mwamva?" Orton anati. "Sanena."

A Bruce anatsokomola. "Mlamu, kukhala chete kumeneku kukupwetekani nokha."

Idah anangokonza kachipewa ka mwana.

A Hawkins anandiuza kuti apa anaona banja likutha m'manja mwawo, ndiye anafuna kungotalikitsa nkhani mitima izizire. Anafunsa, "Koma akamwini, nambala ziwirizi yabwino ndi iti? Mwina munthuyo amakuthandizani."

Pamenepo anakhudza pachilonda. Orton anaima.

"150 ndi nambala ya munthu wosaganiza. Ukasendera choncho, zidutswa za mdani zimakugwera kumaso. Woyendetsa ndege wanzeru amaima pa 400, amaona bwalo lonse, amawombera modekha, amabwerera kwawo wamoyo. Aliyense wodziwa gemu imeneyi angakuuzeni kuti 400..."

"Pa 400 unagwetsapo chiyani iwe?"

Mawuwo anachokera pazenera.

Onse anatembenuka. Ndodo inagogoda, chitseko chinatseguka, a Chirambo analowa akupapasa khoma.

"Pa 400 ndege imaoneka ngati ntchentche pa galasi. Umawombera, imakhota, zipolopolo zatha, wabwerera kwanu wamoyo koma wopanda kanthu. Umasendera mpaka idzaze sikirini yonse. Ukatero ngakhale wakhungu saphonya."

A Bruce anayamba kuyang'ana nsapato zawo ngati azigula kumene.

"Adada," Orton anati, mawu atachepa. "Inu mwadziwa bwanji?"

Mkuluyo anakhala pampando pang'onopang'ono. "Masiku ndi aatali kwa munthu wosawerenga. Mkamwana akapita kumsika, ndinkalowa. Nsapato ndinkavula pakhomo. Mabatani sanandivute, ndakhala pa taipi zaka zambiri kuposa zako zobadwa. Tsiku lina anabwerera msanga, anapeza nsapato zanga pakhomo la chipinda chake, mfuti zikulira m'kati. Anakakhala kuseri kwa nyumba mpaka ndinatuluka. Sanandifunse, ine sindinamuuze."

Muyenera kudziwa kulemera kwa mawu amenewa. Bambo kulowa kuchipinda chogona cha mwana wake wokwatira, kwawoko ngakhale kwathu kuno, ndi chinthu chosatchulika. Ndipo uyu anali mkulu wa mpingo. Mkamwana akanatsegula pakamwa kuti "ndi adada," bwenzi atawavula pamaso pa mtundu wonse.

"Khoswe akakhala pamkhate sapheka," a Hawkins anati chapansipansi. Kenako anakweza mawu. "A Bruce, paja inu munabwera kudzaimira wodandaula. Tsopano mukuimira ndani?"

A Bruce anati afunse kaye kumudzi.

A Chirambo anatembenukira komwe ankaganiza kuti kuli Idah, koma analoza kabati. "Mkamwana, ndakulakwira. Ndipereka nkhuku, ndipo kumpingo ndikanena ndekha."

Idah anagwada, nawomba m'manja mofatsa. Orton anasendera.

"Amake Luntha, pepa. Bwerera kunyumba."

"Munandinyozera kuti?"

"Pepa, ndati."

"Ndafunsa malo. Munandinyozera pabalaza pano?"

"Ku Makata."

"Pachiwaya. Ndiye pepani wanuyo mukamunenere pachiwaya pomwepo, nthawi yomweyo, anthu ali ndi mbale m'manja. Atsikana a ku fakitale akandibweretsera nkhani imeneyo ngati mmene anabweretsera inayo, ndibwera. Njira ya ku Chilomoni ndikuidziwa."

Anabereka mwana wake, natsogola, a Hawkins pambuyo.

7

Lolemba Orton anaima pachiwaya, kolala ili chiimire, nanena mokweza kuti ananamizira mkazi wake ndi mnzake. Dalaivala wina anafunsa kuti nanga wolowa kuchipinda uja anali ndani. Orton anati makinawo anali ndi vuto. Ramsey, yemwe a Hawkins anali atamunong'oneza kale, anati zoonadi, makina akale amatero, n'kumupatsa foloko.

Lachitatu Idah anabwerera. Kompyuta inasamukira pabalaza mpaka kalekale, ndipo akuba sanabwere. A Chirambo anapereka nkhuku yawo, anachitidwa opaleshoni, nabwerera ku Rumphi, komwe anakapempha okha kuti apume kaye pa ukulu wa mpingo.

Owerenga anzanga, makamaka inu amuna a makolala oima, mkazi akati "sindinena" sikuti nthawi zonse akubisa tchimo lake. Nthawi zina akufunditsa munthu wa kwanu komwe. Ndipo mlandu wa kuchipinda musamapite nawo pachiwaya, chifukwa kumeneko anthu amadya ndi makutu omwe.

Pamenepa a Hawkins analuma ulusi, nandipatsa jekete. Koma ine ndamva nkhani zambiri, ndipo yosokedwa bwino kwambiri ndimaitembenuza kuti ndione kunsi.

"Makinawo atabwera pabalaza, mkulu uja ankasewera?" ndinafunsa.

"Sanawagwirepo. Ankati manyazi."

"Ngakhale maso atatseguka?"

"Ngakhale."

"Nanga asanachitidwe opaleshoni, ankaona bwanji?"

"Shuga ankathira pambali pa kapu."

"Atapita ku Rumphi, nambala ija inasiya kusintha?"

A Hawkins anaseka, napukuta magalasi. "Orton anasiya kuyang'ana."

Ndiye ine ndinene poyera. Sindikhulupirira kuti a Chirambo anayendetsapo ndege imene ija. Munthu wolankhula ndi kabati sangagwetse mdani m'mwamba, ngakhale asendere chotani. Zonse ananena zija anazimva Loweruka lija, ali pakona, anyamata akukangana. Ndikuganiza kuti masana mfuti zikalira, iwo ankakhala pakhonde pomwepo, akudziwa bwino kuti m'nyumbamo muli mkamwana wawo yekha. Ndikuganiza kuti Idah, akanafunsidwa mwaulemu, bwenzi ataseka n'kuvomera, koma atamutchulira dzina la mwamuna anauma khosi. Ndipo mkuluyo, ataona mdzukulu wake akupita ku Bangwe chifukwa cha mitu iwiri youma, anatola manyazi osakhala ake n'kuwavala.

Umboni ndilibe. A Hawkins akuti ndikuwonjezera, ndipo mwina akunena zoona. Koma za mkulu uja kuyendetsa ndege, ine ayi.